Loko wa kunja: Atchinga mbala, atsekera mwini moto ukabuka

Nthawi idali itangopitirira 10 koloko usiku pamene ndidamva unyolo ukulira pageti lachitsulo. Tsikulo ndidagona pamalo ena ogona alendo kufupi ndi doko la Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa m'boma la Zomba, podikira boti la mmawa lopita pachilumba cha Chisi.

Nyumbayo idali ndi tizipinda mbali zonse ziwiri, pakati pali kanjira kopapatiza, ndipo khomo lotulukira panja lidali limodzi basi. Mawindo onse adali owotcherera zitsulo. M'kanjiramo wina adaikamo zigubu ziwiri za petulo wa injini ya boti, pomwe m'chipinda choyandikana ndi changa munkayaka kandulo, mayi wina wogula nsomba akuwerenga ndalama zake.

Nditasuzumira, ndidaona mlonda akukiya getilo ndi loko wamkulu, iye ali panja.

"Achimwene, nanga mukutikiyira kunja bwanji?" ndidafunsa.

"Ndi lamulo la eni ake, bwana. Muno mwagona anthu a ndalama za nsomba, akuba sachedwa," adayankha.

"Nanga moto utabuka?"

"Mungokuwa, ine ndili pompano."

Cha m'ma 2 koloko tulo tidandithawa. Ndidapita pageti paja n'kuitana katatu, koma kudali zii! Mmawa ndidamva kuti mkuluyo adakaothera moto kwa anzake owamba nsomba, makiyi ali m'thumba. Usikuwo sikudachitike kanthu, koma kandulo ija ikadagwera pamatiresi, anthu oposa khumi tikadakhala ngati mbewa zofukiziridwa utsi kuuna.

Moto ndi mnansi wa tsiku ndi tsiku

Kunyanja ya Chilwa moto suzima. Matemba ambiri amayanikidwa padzuwa, koma milamba ndi makumba zimafuna kuwamba, ndipo nsomba zikagwa bwino mauvuni amafuka usana ndi usiku. Pafupi ndi mauvuniwo pamakhala milu ya nkhuni, madengu, mipanda ya udzu ndi zisakasa za anthu obwera kudzapikula nsomba.

Pakati panyanja asodzi ena amakhala m'zimbowera, timisasa tomangidwa pamwamba pa udzu woyandama, ndipo amaphika ndi kuwamba nsomba pomwepo. Kumtunda nako alimi a mpunga, monga a kusikimu ya Likangala, amasunga matumba m'nyumba zomwe amagona, ndipo kuseri kwa zigayo kumaunjikana mankhusu omwe akagwira moto amanyeka chamkati masiku angapo osaonekera.

Pamwamba pa izi pabwera petulo. Eni maboti a injini ndi anyamata a kabaza wa njinga zamoto amasunga mafuta m'zigubu, makamaka nthawi yomwe mafuta asowa m'dziko muno. Bungwe loona za mphamvu zamagetsi ndi mafuta la Mera lakhala likuchenjeza za kuopsa kosunga mafuta m'nyumba, koma kwa munthu amene ali kutali ndi malo omwetsera mafuta, chigubu cha kuseri kwa chitseko chimaoneka ngati nzeru.

Chovuta n'chakuti petulo sadikira kuti lawi limukhudze. Mpweya wake ndi wolemera kuposa mpweya wamba, choncho umayenda chapansi mpaka kukapeza mbaula kapena koloboyi ali uko, moto n'kubwerera nawo kuchigubu.

Tsono zikavuta, ozimitsa moto ali kutali. Galimoto zozimitsira moto za makhonsolo zimapezeka m'mizinda, ndipo kuchoka mumzinda wa Zomba kukafika ku Kachulu ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 30. Nyumba yofolera udzu m'mwezi wa October, mphepo ikuomba kuchokera kunyanja, imatha m'mphindi zowerengeka. Kuno wopulumutsa munthu si galimoto yofiira ayi, koma khomo limene angatulukire.

Zidachitika ku Joni

Mabanja ambiri a ku Zomba, Machinga ndi Mangochi ali ndi mwana kapena mlamu ku South Africa, ndipo sadaiwale za pa 31 August 2023. Usiku wa tsikulo moto udabuka m'nyumba yosanjikizana kasanu yotchedwa Usindiso, mumsewu wa Albert ku Marshalltown, pakati pa mzinda wa Johannesburg. Anthu 76 adafa, ndipo ena mwa iwo adali Amalawi omwe adapita kukasaka maganyu.

M'nyumbamo anthu adagawa tizipinda ndi matabwa ndi makatoni. Poopa mbava, adaika mageti achitsulo m'njira zodutsamo. Moto utabuka anthu adathamangira pansi, koma adakapeza geti lili lokiya, ndipo opulumutsa anthu adapeza mitembo itaunjikana pomwepo. Ena adadumpha kuchokera m'mawindo a m'mwamba.

Kafukufuku yemwe adatsogolera jaji wopuma pantchito Sisi Khampepe adatulutsa lipoti lake mu May 2024, ndipo adaloza chala khonsolo ya mzindawo, yomwe ndi mwini wake wa nyumbayo, kaamba kolekerera malamulo a chitetezo kuphwanyidwa kwa zaka zambiri.

Nkhani ya Usindiso ikumveka ya kutali, ya nyumba zitalizitali. Koma taganizani: khomo limodzi, geti lokiya, mawindo otchinga, anthu ambiri ali m'tulo. Kodi zikusiyana pati ndi malo ndidagona aja? Akulu adati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Makolo amene ana awo amagonera kusukulu ali ndi chifukwa china chodera nkhawa. Mu March 2001, anyamata 67 adafa pasukulu ya sekondale ya Kyanguli ku Machakos m'dziko la Kenya, malo awo ogona atatenthedwa ndi petulo. Khomo limodzi lidali lokiya ndipo mawindo adali ndi zitsulo. Mu September 2024, m'dziko lomwelo, anyamata 21 adafa pasukulu ya Hillside Endarasha ku Nyeri moto utabuka usiku.

Kwathu kuno ophunzira ambiri a m'sukulu zoyendera amachita lendi tinyumba pafupi ndi sukulu, anayi kapena asanu m'chipinda chimodzi. Amawerenga ndi kandulo, kuphikira momwemo, n'kugona atapiringidza chitseko. Kholo likamapita kukalipira lendi, ndi angati amene amafunsa kuti mwana wanga atulukira pati zinthu zitavuta?

Chitseko chotchinga moto n'chotani?

Chitseko chili ndi ntchito ziwiri moto ukabuka. Yoyamba ndi kutseguka msanga kuti anthu atuluke. Yachiwiri, yomwe ambiri sitiidziwa, ndi kutsekeka bwino kuti moto ndi utsi zisafalikire.

Moto umadya mpweya. Chitseko chikakhala chotsegula, moto umapeza chakudya ndi njira. Ndipo anthu ambiri ofera m'nyumba zoyaka amaphedwa ndi utsi, lawi lisadawafike. Utsi wa matiresi ndi mapulasitiki uli ndi poizoni amene amakomola munthu ali m'tulo.

N'chifukwa chake nyumba zikuluzikulu monga zipatala, mahotela, mafakitale ndi maofesi osanjikizana zimayenera kukhala ndi zitseko zapadera zotchinga moto. Zitsekozi zimayesedwa m'ng'anjo, n'kupatsidwa chizindikiro cha nthawi yomwe zingapirire. Cholembedwa FD30 chimayenera kugwira moto kwa mphindi 30, pomwe FD60 ndi ola lathunthu. Cha mphindi 30 chimakhala chochindikala mamilimita pafupifupi 44, ndipo mkati mwake mulibe mphako ngati zitseko zopepuka zija timagula zotchipa.

M'mphepete mwa chitseko kapena felemu amaikamo kalamba kopyapyala komwe kakamva kutentha kamafufuma n'kutseka mipata yonse. Chitsekocho chimakhala pa mahinjesi atatu olimba, mpata wa pakati pa icho ndi felemu umakhala wa mamilimita atatu kapena anayi okha, ndipo pamwamba pamakhala kachipangizo kochikoka kuti chidzitseka chokha munthu akadutsa.

Zonsezi zimagwira ntchito limodzi. Chitseko chabwino pafelemu yowola n'chimodzimodzi kutunga madzi ndi dengu. Chimodzimodzinso pamene wina wachiimika ndi mwala kapena mpando kuti mphepo idzilowa, zomwe zimaoneka kawirikawiri m'maofesi mwathu nyengo yotentha.

Ngakhale maiko olemera adaphunzira izi ndi misozi. Pa 14 June 2017 moto udayambira pafiriji m'nyumba ya Grenfell Tower mumzinda wa London, ndipo anthu 72 adafa. Chidafalitsa motowo kwambiri ndi zomatira za kunja kwa khoma, koma ofufuza adapezanso kuti zitseko zambiri sizinkadzitseka zokha chifukwa tizipangizo tija tidali towonongeka kapena tidachotsedwa, choncho utsi udadzaza njira zothawira. Chitseko china chamtundu womwewo atachiyesa, chidapirira mphindi 15 m'malo mwa 30.

Kuchokera mu January 2023, malamulo a ku England amalamula kuti m'nyumba zogonamo zotalika kuposa mamita 11, zitseko za m'njira zodutsa anthu onse ziziyenderedwa miyezi itatu iliyonse, ndipo za pakhomo la banja lililonse kamodzi pachaka. Phunziro lake n'lakuti kugula chitseko ndi chiyambi chabe. Chofunika ndi kuchisamala.

Lamulo lathu likuti chiyani?

Dziko lino silidakhale chete pankhaniyi. Lamulo loona za chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pantchito, lomwe Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa mu 1997, lidaika udindo pa olemba anthu ntchito. Malo a ntchito ayenera kukhala ndi zida zozimitsira moto komanso njira zokwanira zothawira, zosatchingidwa ndi katundu. Zitseko siziyenera kukiyidwa mwanjira yoti munthu amene ali mkati alephere kutsegula mwachangu.

Oyendera malo a ntchito ndi a ku Unduna wa Zantchito, pomwe mapulani a nyumba m'mizinda amavomerezedwa ndi makhonsolo. Koma pamalo a malonda a kumudzi, nyumba zambiri zimamangidwa mwini ndi mmisiri atangogwirizana pakamwa. Lero ndi golosale, mawa aonjezera tizipinda kuseri, mkuja yasanduka malo ogona alendo, khomo likadali limodzi lomwe lija.

Komanso tisaganize kuti nyumba za m'tauni ndiye zotetezeka. Mu October 2013 likulu la Escom lidapsa mumzinda wa Blantyre. Mu July 2014 nyumba yosungiramo katundu wa bungwe loyendetsa zisankho la MEC idapsa ku Lilongwe, mapepala ovotera ali momwemo. Pa 18 December 2015 laibulale ya Mzuzu University idanyeka pamodzi ndi mabuku pafupifupi 45,000. Ngati moto udagonjetsa malo oterewa, ozimitsa moto ali mumzinda womwewo, kuli bwanji chigayo cha pa Jali kapena shopu ya pa Kachulu?

Zotheka ndi ndalama zochepa

Kunena zoona, msodzi wa matemba sangagule chitseko cha FD30, ndipo kuika chitseko chotere pakhoma la nyumba yofolera udzu n'kutaya ndalama. Mantha a akuba nawo si ongopeka. Munthu amene wagulitsa matumba a mpunga kapena madengu a nsomba amadziwa kuti maso ambiri ali pa iye. Koma nzeru yomwe ili m'zitseko zodulazo ingagwire ntchito ngakhale m'nyumba ya zidina.

Choyamba, munthu asakiyiridwe kunja. Izi zikukhudza mlonda wa malo ogona alendo, woyang'anira ana kusukulu, mwini shopu amene amagoneka mnyamata wake mkati, ngakhalenso mayi amene amatsekera ana m'nyumba pothamangira kumjigo kapena kudoko mbandakucha. Kuwasiya ana kwa anansi n'kwabwino kuposa kuwasiyira loko. Mpiringidzo kapena chitsulo chokoka chamkati chimatchinga wakuba, koma mwini amachichotsa ndi dzanja limodzi ngakhale mumdima.

Ngati loko ali mkati, kiyi akhale ndi malo amodzi odziwika, pamsomali pafupi ndi chitseko, poti aliyense m'banjamo, ngakhale mwana wa sitandade 3, angafikire. Mu utsi munthu saona ngakhale chikhatho chake, ndiye si nthawi yofufuza m'matumba a thalauza.

Chachiwiri, nyumba iliyonse ikhale ndi potulukira pawiri. Pomuitana wowotcherera zitsulo, muuzeni kuti windo limodzi la kuchipinda chogona aliike pa mahinjesi, lotsekera mkati. Mtengo wake susiyana kwambiri ndi wa zitsulo zongowotcherera kukhoma. Khomo la kuseri lisasanduke nkhokwe. Matumba a mpunga, njinga ndi maukonde zipeze malo ena.

Chachitatu, pamalo posonkhana anthu ambiri, monga tchalitchi, mzikiti, kalasi, holo ndi zisakasa zoonetsera mpira ndi mafilimu, zitseko zizitsegukira kunja. Anthu akadzidzimuka amakankhana kulowera kukhomo, ndipo chitseko chotsegukira mkati chimapanikizika ndi anthu omwewo. Mu 1883 ana 183 adafa mopanikizana paholo ya Victoria ku Sunderland m'dziko la England, popanda ngakhale moto, chifukwa cha chitseko chotsegukira mkati chomwe chidakhomedwa mosiya kampata kodutsa mwana mmodzi. Ngoziyi ndiyo idachititsa kuti kubwere malamulo a zitseko zotsegukira kunja komanso zitsulo zija mumangokankha chitseko n'kutseguka.

Chachinayi, lekanitsani moto ndi pogona. Kumene shopu kapena khitchini yalumikizana ndi chipinda chogona, uzani kalipentala akupangireni chitseko cha matabwa ochindikala, chokhala bwino pafelemu, ndipo usiku chizikhala chotseka. Sichingafanane ndi choyesedwa kufakitale, koma chimachedwetsa utsi kuposa nsalu yotchinga pakhomo. Khoma la pakati likafika mpaka kudenga ndiye bwino kwambiri, chifukwa utsi umadutsa pamwamba.

Petulo asagone m'nyumba ya anthu. Mumangireni kanyumba kake patali, kopita mphepo, pambali pali ndowa ya mchenga. Moto wa petulo kapena mafuta ophikira sauthira madzi, chifukwa mafuta amayandama n'kuufalitsa. Mbaula nayo isalowe m'chipinda chotseka ngakhale kuzizire bwanji mu June, popeza mpweya wa makala umapha mwakachetechete, wopanda fungo.

Uvuni wowambira nsomba ukhale kutali ndi mpanda wa udzu. Pulogalamu yothandiza anthu a m'chigwa cha Chilwa kuthana ndi kusintha kwa nyengo, yomwe idayamba mu 2010 ndi thandizo la dziko la Norway, idaphunzitsa magulu a amayi ku Kachulu kuyanika nsomba m'matenti a dzuwa ndi kuwamba m'mauvuni osatha nkhuni. Cholinga chidali kuteteza mitengo ndi kukweza mtengo wa nsomba, koma moto wotsekeredwa mu uvuni wa njerwa suthethekanso ngati wa pamtetete.

Kuyendera chitseko

Chitseko chimakalamba ngati china chilichonse. M'dera lachinyontho ngati la kunyanja, matabwa amafufuma nthawi ya dzinja, mahinjesi ndi maloko amachita dzimbiri, ndipo chiswe chimadya felemu chamkati. Chitseko chofuna kuchimenya ndi phewa kuti chitseguke ndi ngozi yodikira tsiku.

Kawiri pachaka, mvula isadayambe komanso ikatha, yesani zitseko ndi mawindo onse othawira. Thirani mafuta m'mahinjesi, mangani zomasuka, palani pamene pakugwira. Mwana wamng'ono ayese kutsegula yekha. Akalephera, ndiye kuti ntchito ilipo.

Kumalo a ntchito kumene kuli zitseko zenizeni zotchinga moto, onani ngati chikudzitseka chokha mpaka kugwira, ngati kalamba ka m'mphepete kadakali pamalo pake, komanso ngati wina sadachiboole poika loko watsopano. Chikawonongeka, aitanidwe mmisiri wodziwa, osati kungokhoma lata.

Banja lipanganenso pokumana likatuluka, kaya ndi pansi pa mtengo wa mango, kuti pasapezeke wobwerera m'moto kukafuna mwana yemwe watuluka kale. Mu utsi yendani chokwawa poti mpweya wabwino umatsalira pansi. Musadatsegule chitseko, chikhudzeni ndi kuseri kwa dzanja. Chikatentha, moto uli kuseri kwake, funani njira ina. Mukatuluka, tsekani chitseko kumbuyo kwanu, ndipo musabwererenso chifukwa cha ndalama kapena katundu.

Wina akapsa, thirani madzi oyera ozizira pabalapo kwa mphindi 20, osapaka mazira, mankhwala otsukira mano kapena dothi. Fundani ndi nsalu yoyera n'kuthamangira naye kuchipatala chapafupi. Opsa kwambiri amatumizidwa ku Zomba Central, ndipo ena amafika mpaka ku Queen Elizabeth ku Blantyre komwe kuli wodi yapadera ya anthu opsa.

Mafumu, makomiti a m'misika ndi makomiti a m'madoko ali ndi mphamvu kale yoika malamulo a pamalo. Monga momwe amakhazikitsira nthawi yotseka nyanja kuti nsomba ziswane, angathenso kugwirizana kuti malo ogona alendo ndi oonetsera mpira akhale ndi makomo awiri, ndipo pasapezeke wokiyira anthu kunja. Mutu umodzi susenza denga.

Mmawa uja mlonda adafika kunja kutayera, n'kutsegula geti akupepesa. Ndidamufunsa ngati sangamasiyeko kiyi wina mkati, kwa mlendo mmodzi kapena pamsomali. Adaganiza pang'ono, n'kunena kuti kiyi ndi mmodzi yekha, ndipo kudulitsa wina mpaka munthu apite ku Zomba.

Eni zigubu adabwera kudzatenga petulo wawo, mayi wa kandulo uja adasenza dengu lake kulowera kudoko. Ine ndidakwera boti la ku Chisi ndikuwerengera mumtima: mtengo wodulitsa kiyi mmodzi sufika ngakhale pa lendi ya chipinda chimodzi usiku umodzi. Paja tsoka silinunkha.